Lipoti: manyowa a kompositi pa nsenjere ndi busa la ng'ombe zamkaka ku Thyolo

Khola lomwe lipotili likukamba lili kumbali ya Bvumbwe m'boma la Thyolo, pa malo otsetsereka a dothi lofiira la katondo. Muli ng'ombe ziwiri zokamidwa zamtundu wosakanikirana ndi Friesian, thadzi limodzi ndi thole. Msipu ndi wa theka la hekitala: kota ndi munda wa nsenjere womwe amadula n'kukapatsa ng'ombe m'khola, kota inayo ndi busa la kapinga pomwe amamangirira thadzi ndi ng'ombe yomwe yasiya kukamidwa. Eni khola anabwera ndi dandaulo limodzi, lakuti nsenjere yasiya kuphuka. Ikadulidwa imatenga miyezi itatu kuti ifike m'chiuno, masamba ake achikasu, mapesi owonda, ndipo pofika Ogasiti ng'ombe zimadalira mapesi a chimanga ndi makungwa a nthochi. Mkaka wopita kosonkhanitsira unkatsika chaka chilichonse nthawi yomweyo.

Zomwe zinapezeka

Ndowe pakhomopo sinali kusowa. Inkaunjikidwa kuseri kwa khola pamtetete, dzuwa likuiwotcha, mvula ikuikokolola, ndipo chaka chikamatha yonse inkapita ku chimanga ndi kudimba la tomato. Ku nsenjere sikunapiteko ngakhale wilibala imodzi chiidzalireni. Mkodzo unkatsetsereka pa simenti n'kulowa m'ngalande yopita kumsewu, ndipo m'mbali mwa ngalandeyo udzu unali wobiriwira kuposa pena paliponse pamalopo. Apa ndiye panali gwero la vuto. Nsenjere ndi udzu wadyera kwambiri: pa hekitala yokolola bwino imachotsa m'nthaka nayitrojeni ndi potaziyamu zokwana makilogalamu mazana angapo pachaka, ndipo zonsezo zimanyamulidwa pamutu kupita kukhola. Zikapanda kubwerera, munda umakhala ukudyetsa chimanga cha kwina kudzera m'mimba mwa ng'ombe.

Pa busa vuto linali lina. Pozungulira chikhomo chilichonse panali bwalo lopanda udzu, lolimba ngati pansi pozira. Khasu limalowa movutikira, ndipo titakumba dzenje lakuya masentimita 30 tinapeza mizu ya kapinga yathera m'masentimita 8 apamwamba, yapindikira m'mbali. Dothi lapansi pake limasweka m'mapalemapale, lopanda timabowo, nyongolotsi osaoneka. Madzi a m'ndowa otsanulidwa pamenepo anayenderera osalowa. Ndowe zakale zinali gwaa pamwamba pa udzu, osaphwanyika, ndipo ng'ombe zinkazilambalala n'kusiya zitsotso za udzu wokhwima.

Dothi linatumizidwa kukayezedwa ku siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Bvumbwe. Linatengedwa m'malo khumi pa munda uliwonse, kuya masentimita 20, n'kusakaniza m'ndowa yoyera, theka la kilogalamu n'kuika m'pepala. Zotsatira zinaonetsa pH (muyeso wa asidi wa m'nthaka) yochepera 5.5, kutanthauza asidi wambiri, ndi fosifolasi wochepa. Izi sizachilendo ku Thyolo ndi Mulanje. Mvula yambiri ya kuno imatsuka kashiamu ndi maginiziyamu, n'chifukwa chake tiyi, yemwe amakonda nthaka ya pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, amachita bwino chonchi. Koma chokomera tiyi sichikomera msipu. Asidi akachuluka, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, ndipo dothi lofiira limamanga fosifolasi moti ngakhale wa m'feteleza sapezeka kwa mbewu. Kompositi amathandiza pa zonse ziwiri, chifukwa chajila, zowolerana za m'kompositimo, chimagwira aluminiyamu uja komanso chimatseka malo omwe fosifolasi akanamangidwa, koma sachotsa asidi wonse payekha.

Kuwerengera manyowa omwe khola lingatulutse

Musanalonjeze mlimi chilichonse ndi bwino kuwerengera kaye. Ng'ombe yamkaka yaikulu imatulutsa ndowe yaiwisi ya makilogalamu 20 mpaka 25 patsiku, ndipo gawo loposa 80 pa 100 ndi madzi. Pa khola ili yotoleka inali pafupifupi makilogalamu 50 patsiku, poti thadzi limaswera kubusa. Tikaphatikiza zotsala za m'chodyera ndi udzu wogonera, n'kuchotsera zomwe zimatha powola, timapeza kompositi wokwana matani asanu pachaka kapena kupitirirako pang'ono. Wilibala imodzi yodzadza imanyamula makilogalamu pafupifupi 40, ndowa ya malita 20 imanyamula 10 mpaka 12.

Matani asanuwa alibe nayitrojeni wambiri monga momwe anthu amaganizira. Muli pafupifupi makilogalamu 40, kufupi ndi matumba awiri a Urea, poti thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi 23. Koma wa m'kompositi amatuluka pang'onopang'ono, chaka choyamba mwina gawo limodzi la magawo asanu. Mlimi yemwe akuyembekezera kuti nsenjere ibiriwire pa sabata ziwiri monga imachitira ndi feteleza adzakhumudwa, n'kunena kuti alangizi anamunamiza. Ntchito ya kompositi ndi kufewetsa nthaka, kusunga chinyezi, kubweza fosifolasi ndi michere ing'onoing'ono. Nayitrojeni wachangu ali mu mkodzo. Pafupifupi theka la nayitrojeni yemwe ng'ombe imataya, ndi potaziyamu wambiri, zimatuluka ndi mkodzo, malita 10 mpaka 20 patsiku pa ng'ombe imodzi. Ng'ombe ziwirizi zinkataya m'ngalande nayitrojeni woposa wa m'matumba awiri a Urea pachaka, pa nthawi yomwe feteleza wakwera mtengo chonchi.

Motero ntchito yoyamba sinali mulu wa kompositi ayi, koma ngalande. Inatembenuzidwa kuti ithere m'dzenje lomangidwa ndi njerwa ndi kupakidwa simenti, lolowa malita 200, lokhala ndi chivundikiro chothina. Chivundikirocho n'chofunika pa zifukwa ziwiri: mkodzo wosiyidwa poyera umataya mphamvu yake mumpweya, lomwe ndi fungo loswa mphuno lija la amoniya, komanso dzenje lotsegula ndi ngozi kwa ana ndi thole. Madzi a padenga la khola anapatutsidwa kuti asadzazemo.

Kumanga mulu

Kuno mulu wa pamwamba umaposa dzenje. Kompositi wa m'dzenje amayenera madera ouma. Pa katondo wa Thyolo dzenje limasanduka chitsime mu Januwale, mpweya umasowa, zinthu zimangovunda n'kununkha. Malo anasankhidwa pafupi ndi khola, pamthunzi wa mtengo wa peyala, kumtunda kwake kukukumbidwa kangalande kopatutsa madzi. Ndowe yodikira kumangidwa imasungidwa pansi pa denga la udzu.

Mulu ndi wa mamita awiri m'litali, mita ndi theka m'lifupi, mita ndi theka msinkhu. Wocheperapo sutentha mokwanira, makamaka m'miyezi ya chiperoni. Wotambalala kuposa apo mpweya sufika pakati. Pansi amayala mapesi osadula ndi timitengo, masentimita 15, kuti mpweya uzilowera kunsi. Pamwamba pake zouma zoduladula ndi chikwanje m'zidutswa zosaposa chikhatho: zotsala za nsenjere, mapesi, udzu wogonera, makoko a nandolo, masentimita 20, n'kuwaza mkodzo wosakaniza ndi madzi mpaka zinyowe. Kenako zaziwisi masentimita 10, makamaka deliya yemwe wangodzadza m'misewu ya kuno, masamba a gilisidiya kapena a ombwe. Kenako ndowe masentimita 5 mpaka 8, ndi dothi la pamwamba lowaza pang'ono chabe. Amabwereza choncho mpaka mulu ukwane, osaupondaponda, n'kuufunditsa ndi masamba a nthochi. Nthawi ya dzinja amaonjezera pulasitiki pamwamba pokha, m'mbali mukhale motsegula. Ndodo yosongola imazikidwa mopendekeka mpaka pakati pa mulu.

Phulusa n'labwino pa nthaka ya asidi, koma malo ake pa mulu ndi pa zouma, kapu imodzi kapena ziwiri nthawi iliyonse poyala zoumazo. Likathiridwa mwachindunji pa ndowe yaiwisi kapena m'dzenje la mkodzo limathamangitsa nayitrojeni. Utuchi ndi masamba a bulugamu zimachedwa kuwola, ndipo zikachuluka mulu umangozizira.

Pali zinthu zomwe kompositi wa kudimba angalole koma wa msipu sangalole, chifukwa pamapeto pake zidzadutsa pakamwa pa ng'ombe. Zinyalala za pakhomo zimabwera ndi majumbo, misomali, tizidutswa ta waya ndi mabatire akutha. Jumbo limatseka m'mimba, msomali umaboola chifu n'kufika kumtima, ndipo batire la galimoto kapena la sola lili ndi mtovu womwe umapha ng'ombe ikangonyambita. Pa khola ili dzala la pakhomo linalekanitsidwa ndi mulu kotheratu. Zotuluka ng'ombe ikabereka kapena ikataya bere siziikidwamo, zimakwiriridwa mozama, poopa matenda opatsirana omwe amagwiranso anthu. Madzi otsukira pampu yopopera nkhupakupa sathiridwa pa mulu kapena m'dzenje la mkodzo.

Pakatha masiku atatu kapena anayi ndodo ija ikazulidwa iyenera kukhala yotentha moti dzanja silingaigwire nthawi yaitali, komanso yonyowa. Kutentha kofunika ndi madigiri 55 mpaka 65, kokhalitsa masiku angapo. Kumeneko ndi komwe kumapha mazira a njoka za m'mimba ndi njere za chisoso ndi bonongwe waminga, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chosathirira ndowe yaiwisi pa busa: kutero n'kubwezera njoka kwa thole. M'mbali mwa mulu simutentha, n'chifukwa chake kutembenuza sikungadumphidwe. Amatembenuza pa sabata yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi, za kunja zilowe pakati, za pakati zituluke kunja, akuwaza madzi pomwe pauma. Chinyezi amayeza pofinya m'dzanja: pazituluka dontho limodzi kapena awiri pakati pa zala, ndipo chofinyidwacho chisamwazike dzanja likatsegulidwa. Nyengo yotentha mulu umapsa pa miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, m'chisanu umafika inayi. Wakupsa ndi wakuda, wofumbutuka, wozizira, wosanunkha ndowe, ndipo sungathe kuloza kuti ichi chinali phesi. Ndowe ya khola ili imakwanira mulu umodzi pa sabata zisanu ndi imodzi, ndipo mulu uliwonse umapereka mawilibala 15 mpaka 18.

Milu iwiri yoyambirira sinayende bwino. Woyamba unamangidwa ndi ndowe yambiri yonyowa ndi zouma zochepa; ndodo inkatuluka yozizira, yoterera, ikununkha mazira owola. Unaphwasulidwa n'kumangidwanso ndi mapesi oduladula pakati, ndipo unatentha patatha masiku atatu. Wachiwiri unamangidwa mu Seputembala n'kuiwalika kuthirira. Unatentha msanga, kenako n'kuzima, mkati mwake muli chuku choyera, ndowe itauma n'kupepuka. Kompositi wotero wataya kale gawo lalikulu la nayitrojeni. Chiswe chinalowanso mulu womwewo, ndipo chiswe pa mulu ndi chizindikiro cha kuuma, mankhwala ake ndi madzi osati poizoni.

Kuthira ku nsenjere

Mulingo wa kompositi unali matani 10 pa hekitala, kutanthauza matani awiri ndi theka pa kota, mawilibala pafupifupi 60. Mizere ya nsenjere ndi yotalikirana masentimita 90, choncho ndowa imodzi ya malita 20 imakwanira mamita 12 a mzere. Amathira atangodula, chitsa chitasiyidwa masentimita 10 kuchoka pansi. Kumtunda kwa mzere uliwonse, masentimita 20 kuchoka pa zitsa, amakumba kangalande kakuya masentimita 10 mpaka 15, n'kuthiramo kompositi, n'kukwirira. Pa malo otsetsereka kumwaza pamwamba n'kupereka manyowa kwa mnansi wa kumunsi. Aliyense wa kuno anaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, momwe dothi losagwiridwa limayendera, koma ngakhale mvula wamba ya Januwale imakokolola kompositi wosakwiriridwa usiku umodzi.

Anagawa kawiri. Magawo awiri mwa atatu anathiridwa mvula yobzalira itagwa, nthaka itanyowa, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Gawo lotsala linathiridwa mvula ikamapita, mu Malichi kapena Epulo. Gawo lachiwirili ndi lomwe alimi ambiri saliganizira, koma ndi lomwe limagwira ntchito pa vuto la Ogasiti, chifukwa limathandiza nthaka kusunga chinyezi cha chiperoni cha Juni ndi Julayi.

Mkodzo umapita nthawi iliyonse nsenjere ikadulidwa, wosakaniza ndi madzi mulingo wofanana, kapena ndowa ziwiri za madzi pa imodzi ya mkodzo ngati kwauma. Amathira pakati pa mizere madzulo kapena kukuwaza mvula, osati pa masamba chifukwa umawaula, n'kukokerapo dothi pang'ono. Poti dzenje limadzadza pa sabata imodzi, mundawo unagawidwa m'zigawo kuti nthawi zonse pakhale chigawo chongodulidwa kumene cholandira mkodzo. Kadulidwe kanasinthanso: nsenjere izidulidwa ikafika mita imodzi, pa sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu m'dzinja. Yosiyidwa mpaka kutalika kuposa munthu imadzadza chodyera koma ng'ombe imasiya mapesi ambiri, mkaka osakwera.

Mizere yakumtunda, pomwe zitsa zinali zitafa, inadzalidwanso mwa njira ya tumbukiza yomwe alimi a mkaka a ku Kenya amagwiritsa ntchito. Amakumba maenje akuya masentimita 60 ndi kutambalala chimodzimodzi, n'kubwezeramo dothi la pamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za kompositi, kusiya mpata wa masentimita 15 kukamwa kwa dzenje kuti muziima madzi, n'kubzalamo mapesi asanu kapena kuposerapo a mfundo zitatu, ziwiri pansi imodzi pamwamba. Ntchito yake ndi yowawa, koma pa katondo wogangatika imadutsitsa mizu pa dothi lolimba lija. Pakati pa mizere ina panafesedwa desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba chodyetsa ziweto, kuti aziika nayitrojeni wake, ngakhale pa nthaka ya asidi chonchi amachedwa kugwira.

Laimu, wochepetsa asidi m'nthaka, anathiridwa pa theka la mundawo, poti ndalama inathera pomwepo. Mulingo wa tani imodzi pa hekitala ndi magalamu 100 pa sikweya mita, matumba asanu a makilogalamu 50 pa kota yonse. Amamwazidwa n'kupaliridwa m'nthaka sabata zitatu kompositi ndi mkodzo zisanafike, osati tsiku limodzi.

Pa busa

Kuthira kompositi pa busa lomwe ng'ombe ikumangiriridwabe pa chikhomo chomwecho n'kutaya mphamvu. Udzu womwe ukudyedwa ukangotulutsa tsamba sukhala ndi chakudya chomangira mizu, ndipo popanda mizu palibe chomasula nthaka yomwe ziboda zikusindikiza tsiku ndi tsiku. Busa linagawidwa panayi ndi mizere ya vetiva yotsata akalozera. Ziweto zimadya chigawo chimodzi kwa sabata, chikhomo chikusunthidwa tsiku lililonse, ndipo zimachoka kapinga akatsala masentimita 5 mpaka 8. Chigawocho chimapuma sabata zitatu kapena kuposerapo. Masiku a mvula yamphamvu ziweto zimakhala m'khola, chifukwa katondo wonyowa akapondedwa tsiku limodzi amaononga ntchito ya chaka.

Mulingo apa unali matani 5 pa hekitala, theka la kilogalamu pa sikweya mita: ndowa imodzi pa malo a mamita 4 kwa 5, mawilibala pafupifupi 30 pa kota yonse. Amathira ziweto zitangochoka, kompositi wosefedwa ndi waya wa nkhuku kuti zibuma ndi zinyalala zitsale, n'kumukokera ndi reki kuti atsike pakati pa udzu afike pa dothi. Udzu uzionekabe pamwamba, akaunjikana amaupha. Ziweto sizibwerera mpaka patatha sabata zitatu kapena zinayi ndipo mvula itatsuka masamba. Mabwalo a pa zikhomo anabooledwa ndi foloko yokumbira kuya masentimita 15, osatembenuza dothi, n'kuthirapo kompositi wowirikiza kawiri, kubzalapo zingwe za kapinga ndi kuphimba ndi udzu wouma wopyapyala. Ndowe zogwera pabusa zimaphwanyidwa ndi khasu ziweto zikachoka, dzuwa liphe mphutsi za njoka.

Kusaphwanyika kwa ndowe zija kunali ndi chifukwa chake. Pakhomopo ankabaya ziweto zonse ivermectin, mankhwala a njoka za m'mimba, pafupipafupi, ndipo mankhwalawa amatuluka ndi ndowe n'kupha ana a tizilombo tokwirira ndowe kwa masabata angapo. Malangizo anali oti kumwetsa kapena kubaya mankhwala a njoka kuzitsata ndondomeko ya mlangizi wa ziweto, ndipo chiweto chobayidwa chizikhala m'khola masiku oyambirira, ndowe yake ipite pa mulu.

Zomwe zinaoneka

Kusintha koyamba kunabwera ndi mkodzo, monga zinayembekezeredwa: nsenjere inabiriwira pa kudula kotsatira. Za kompositi zinachedwa. Chaka choyamba chizindikiro chooneka chinali chinyezi, poti mu Julayi dothi la m'tingalande tija linali lonyowa pomwe pakati pa mizere pauma, ndipo timizu toyera tinali titalukana m'kompositimo. Maenje a tumbukiza anakhala obiriwira mpaka Seputembala. Theka lothiridwa laimu linaposa linzake m'dzinja lachiwiri, makamaka desmodium, yemwe kosathiridwa laimu anangomera patalipatali. Pa busa mabwalo ambiri anatsekeka m'dzinja loyamba, kupatula awiri a pafupi ndi chipata pomwe ziweto zimadutsabe tsiku lililonse; pamenepo panafunika kusuntha njira, manyowa sakanathandiza. Nyongolotsi zinayamba kupezeka pansi pa ndowe zophwanyidwa m'chaka chachiwiri. Chigawo chimodzi chinamera chisoso chambiri, ndipo pofufuza zinapezeka kuti chinalandira kompositi wa mulu wouma uja, womwe sunatenthe nthawi yokwanira.

Vuto lomwe latsala si la nthaka. Pa matani asanu, msipu unatenga atatu ndi magawo atatu a anayi, chimanga ndi dimba n'kutsala ndi tani imodzi ndi kota, pomwe kale zinkalandira zonse. Mayi a pakhomopo, omwe dimba la tomato ndi lawo, sanakondwe nazo, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa tomato amabweretsa ndalama ya pompopompo pa msika wa Bvumbwe. Mgwirizano unali woti kuyambira chaka chachitatu busa lizilandira kompositi chaka chimodzi n'kudumpha chimodzi, nsenjere itsike pa matani 5 pa hekitala koma mkodzo wonse ukhalebe wake, ndipo milu ionjezeredwe pobzala gilisidiya m'malire ndi kutolera makoko a nandolo nthawi yopuntha. Dothi lidzayezedwanso pakatha zaka zitatu kuchokera pa kuyeza koyamba, m'malo omwewo ndi kuya komweko, theka la laimu padera ndi linalo padera.